Filimu Yosatsuka

Kamera iyi ndinaigula ku Jeppe,
m'sitolo ya pinyolo, pakati pa masimbi ndi mawailesi akufa,
marandi mazana anayi, nditanenerera mpaka kukhosi gwa.
Yachitsulo, yolemera ngati nyundo,
yopanda batire, yopanda kagalasi koonera kumbuyo.
Wogulitsa anati: m'bale, bwanji osagula yamakono?
Ndinati yamakono ndili nayo.

Ndili nayodi, ya dijito, yopepuka, yochenjera.
Ndiyo imalankhula ndi kwathu.
Lamulungu lililonse ndimaimika anyamata
pambali pa galimoto ya eni ake ku Rosebank,
dzanja pachitseko, ngati makiyi ali m'thumba.
Nsapato ikaoneka yong'ambika, timafufuta.
Njala ikaoneka m'masaya, timafufuta.
Chotsalacho chimafika ku Ntcheu dzuwa lisanalowe,
amayi n'kumati: Joni wamuyanja mwana wanga.

Yachitsuloyi ilibe chofufutira.
Imandipatsa mipata makumi atatu, isanu ndi umodzi, basi,
mpata uliwonse mtengo wa buledi.
Ndiye chala chimayamba chaganiza.
Kuwala ndimayeza ndi maso, ngati mchere wa m'ndiwo.
Ndimadikira nkhunda za pa Park Station zibalalike,
mthunzi wa Ponte ufike pa mayi wootcha chimanga.

Magetsi akathima usiku, Yeoville yonse imatukwana,
wokondwa ndine ndekha.
Ndimalowa kubafa, bulangete pazenera, thaulo kunsi kwa chitseko,
n'kukulunga filimu m'kathanki, zala zikuona m'malo mwa maso.
Mankhwala atatu, m'mabotolo akale a mkaka.
Madzi asatenthe, asazizire, ndimayesa ndi chigongono.
Mphindi zisanu ndi zinayi: kugwedeza, kudikira, kugwedeza,
mnzathu wa ku Kongo akugogoda kuti achedwa kuntchito.
Kenako kuyanika pachingwe, pambali pa masokosi.

Pa negetivi tonse ndife azungu,
tsitsi mbuu, mano bii,
thambo la Joni lakuda masanasana.
Yotamu atachiona anaseka mpaka kukhala pansi:
Ndiye tiziyenda ndi zimenezi, apolisi azitipatsa sawasha!

Yotamu wa kwa Bilira, wosoka nsapato pa Rockey.
Anapita mu Julaye, chifuwa cha masiku asanu ndi anayi.
Tinasonkha, tinamukweza m'ngolo ya kumbuyo kwa basi
pamodzi ndi mafiriji ndi njinga za anthu ena.
Akwawo atapempha chithunzi choika pabokosi
ndinatumiza cha galimoto ija.
Anachikonda.

Koma m'kabati, m'kachitini kakuda,
muli filimu imene sindinatsuke.
Ali m'menemo, penapake chakumapeto,
timisomali pakamwa, osadziwa kuti ndikumujambula,
dzuwa la m'mawa litamugwira khutu limodzi.
Kapena dzanja linanjenjemera. Kapena kuwala kunachepa.
Kapena anacheuka pomwe ndimadina.
Pamene sindinatsuke, akadali pampando wake,
nsapato ya munthu ili pabondo, sanaimalize.

Kwathu munthu timamusambitsa kamodzi komaliza
n'kumulola apite.
Mankhwala ndasakaniza kawiri, kawiri ndawathira m'sinki.
Majakaranda achita maluwa, ayoyoka, asesedwa.
Akuti filimu ikakhalitsa imagwa chifunga,
nkhope zimazilala zokha mumdimamo
popanda wozipatsa moni.

Lero magetsi athima eyiti koloko.
Bulangete lili kale pazenera.
Ndakhala m'mphepete mwa bafa, kachitini m'manja,
madzi akuzizira m'jagi,
wa ku Kongo uja wayambanso kugogoda.
Ndikuti: dikirani pang'ono, achimwene,
muno muli munthu.