Bokosi Lofiira

Ku Tampere mwezi wa Disembala dzuwa limangosuzumira,
n'kubwerera kusanade bwino,
ndiye kuwala munthu umachita kugula.
Wailesi ya kanema tinali titagula kale, yaikulu ngati chitseko,
Kyllikki atayeza khoma ndi tepi yake yosokera.
Koma zimbale zathu zakale zinatichititsa manyazi:
nkhope zonse mbuu,
ngati anthu oima kuseri kwa windo la nthunzi.

Ndinakwera basi, chipale chili m'nsapato,
mpaka kusitolo ya mumsewu wa Hämeenkatu.
Mnyamata wogulitsa, Tuukka, ndolo pamphuno,
anandiimika pamaso pa makina awiri,
onse akuda, onse athyathyathya, onse duu.
"Awa amadya zimbale za m'mabokosi ofiira,
awa za m'mabokosi abuluu.
Sadyera mbale imodzi."

Abwino ndi ati?

Anaseka. "Funsani kuti atsale ndi ati, bambo.
Eni ake ali pankhondo."
Kenaka anayamba kulakatula manambala,
mizere chikwi ndi makumi asanu ndi atatu,
mawu otulukira mbali zisanu ndi ziwiri,
chingwe cha golide kunsonga
chimene mtengo wake unandiyabwa m'khutu.

Ine zaka makumi atatu ndi zinayi
ndinazithera pafakitale ya mapepala.
Makina sindiwadziwa ndi manambala.
Ndinavula chipewa, n'kugunditsa khutu pachitsulo.
Ena ankapuma mwaphuma.
Enawo ankachedwa kudzuka, ngati ine,
koma akadzuka mpweya wake unali umodzi, wosadukiza.

Ndinazungulirabe, ichi chakoma, ichi chakoma,
mpaka mawondo anayamba kundikumbutsa za pusi uja.
Chinandiimitsa si khutu, si mtengo,
ngakhale ofiirawo anali otsikirapo ndi mayuro mazana awiri.
Pashelefu yapansi panali chimbale chimodzi:
atsekwe akuthengo, ulendo wawo wonse,
kuchoka kumadambo a kumpoto mpaka kunyanja zofunda.
Bokosi lake linali lofiira.
Kyllikki sanapondenso kudambo chimuchitireni opaleshoni ya chiuno;
magalasi ake oonera patali ali mudilowa, pamodzi ndi mabatani.

Ndinalipira. Chingwe ndinatenga wamba.

Mu Febuluwale wailesi inanena m'mawa, ndikupaka batala pabuledi,
kuti ofiira agonja, sadzapanganso.
Jyrki anaimba foni kuchokera ku Oulu:
"Bambo, bwanji osandifunsa kaye?"
Ndinati msuzi ukupsa, ndidzaimbanso.
Panalibe msuzi pamoto.

Kusitolo Tuukka atandiona anapeza ntchito kuseri kwa mafiriji.
Zimbale zofiira anaziunjika mudengu pakhomo,
mayuro atatu chimodzi.
Ndinatola khumi ndi ziwiri osawerenga n'komwe maina,
zina za nkhondo, china cha zibwenzi za ana asukulu,
n'kupita kukamugwira phewa mnyamatayo.
Sunandinamize, ndinatero. Unati nkhondo.

Makinawo alipobe pansi pa wailesi.
Ukawayatsa amalingalira kaye,
nthawi yokwanira kuthira khofi m'makapu awiri
ndi kumuikira Kyllikki pilo kumsana.
Kenaka khoma limatseguka.
Nthenga iliyonse payokha,
dontho la madzi likutsetsereka pakhosi pa tsekwe,
matope ouma pachala chake chakumanzere.

"Imitsa pamenepo," amatero,
ndipo ndimaimitsa gulu lonse mumlengalenga.
Amawerenga ndi chala, milomo ikuyenda.
Iye amapeza makumi anayi ndi mmodzi.
Ine ndimapeza makumi anayi ndi awiri,
poti kumphepete kuli kaphiko
kamene iye amati n'kamtambo.

Takangana za kaphikoko nyengo zozizira zisanu ndi imodzi.
Jyrki akuti atigulira atsopano pa Khirisimasi,
koma sananene ngati atsekwewo akupezeka m'bokosi labuluu,
ndipo ine sindinamufunse.