Mzere Wadutsa pa Msewu Wathu

Kalata inabwera Lachiwiri, pamodzi ndi bilu ya magetsi.
Glenys anaitsegula ndi mpeni wa batala
nawerenga mokweza ali chiimire pakhomo:
kuyambira chisankho chikubwerachi
ife ndife a Chigawo cha Kumpoto.

Ndinasuzumira pazenera.
Mabulugamu ali pomwe anali dzulo.
Thanki ikudonthabe pamsoko womwe uja.
Nkhosa mazana asanu zili gone m'fumbi,
sizikudziwa kuti zasamuka usiku.

Akuti mzerewo watsata msewu wamiyalawu.
Tsidya lake kuli Mervyn, mlamu wanga,
amene timabwerekana thirakitala ndi madandaulo.
Iye watsala Kumadzulo.
Zaka makumi atatu takhala tikutukwana aphungu amodzi
titatsamira mpanda umodzi.
Lero aliyense ali ndi ake owatukwana.

Wina ku Melbourne, m'chipinda chozizira bwino,
anawerenga mitu ya anthu napeza kuti yaperewera.
Ana athu anapita m'tauni, mavoti awo ali m'thumba,
sukulu anaitseka, banki inasanduka sitolo ya mipando yakale,
ndiye mzere unanyamuka kudzasaka anthu
ngati ng'ombe yaludzu yonunkhiza madzi.
Sindikumuimba mlandu munthuyo.
Masamu alibe mlamu.

Koma kukula kwake chigawochi, abale!
Kuchokera ku minda ya malalanje m'mbali mwa Murray
mpaka kumapiri kumene chipale chimakwirira galimoto.
Aphungu asanu a nyumba yapamwamba ya malamulo
akuti atiyankhulira tonsefe,
wothyola mphesa, wometa nkhosa, namwino wa usiku,
ndi ine amene ndikungofuna mlatho.
Wina atati abwere kudzauona pomwe unathyokera
adzafika imvi zili mbuu.

Loweruka la chisankho tidzapitabe ku holo yomwe ija.
Adzatipatsa chipepala chachitali ngati nsalu ya patebulo,
chosakwana m'kachipinda kakatoni,
maina ali ndandanda ngati linthumbu.
Glenys adzalemba manambala mpaka pansi, mmodzimmodzi,
poti salola munthu kumusankhira ngakhale tomato.
Ine ndidzafufuza dzina lomwe ndinalimvapo pa wailesi
tsiku lomwe moto unapsereza msipu wa kwa Doolan.
Panja, ana a timu ya mpira adzakhala akuwotcha soseji.
Mervyn adzagula ziwiri, ina n'kundipatsira
ndi manja awiri, monga achitira kwa mlendo wakutali,
ndipo tidzaseka mpaka kutsamwa anyezi.

Usiku uno mvula yayamba kuwaza,
yoyamba chichokereni Epulo.
Ndaimva ikugogoda malata a kwa Mervyn,
kenako yaoloka msewu osaodira kwa munthu.
Glenys wapinda kalata ija kanayi,
waiponderetsa pansi pa mwendo wa tebulo
umene wakhala ukugwedera chikwatirane.