Kholo la Makeyala

Mumzinda uno manambala sayenda pamzere.
Eriya 47 imapumira m'khosi mwa Eriya 15,
mlendo wowerenga zala amakathera ku Kauma
akufuna ku Chilinde.
Ine ndinakulira momwemo,
nchifukwa chake ntchito yolozera njira sinandiopse.

Sitolo ya a Kamtedza, kuseri kwa Malangalanga,
inafuna tsamba la pa intaneti.
Chipinda cha mbewu, chipinda cha feteleza,
makasu, mankhwala a anankafumbwe,
mpaka zipinda khumi ndi ziwiri,
chilichonse ndi keyala yake.
Pakhomo lililonse ndinkaimika kondakitala
n'kumuphunzitsa mawu omwewo:
onetsa zonse, onetsa chimodzi,
onjezera, sintha, fufuta.
Kakhumi ndi kawiri zala zanga zinabwereza
ngati mwana wolembetsedwa chibalo pabolodi.

Ulemu, wa tebulo la pafupi ndi zenera,
anasuzumira akutafuna chimanga chootcha.
Anati, iwe, ukutungiranji madzi ndi supuni?
Lemba kholo limodzi.
Enawo abadwe.

Ndinalemba kholo Lachitatu, magetsi atathima,
jenereta ya apaneba ikutsokomola.
Mizere makumi anayi basi.
Linadziwa kumva keyala ikagogoda,
kuidula pa kamzere kopendekeka,
kulozera mlendo khomo lake.
Kenako ana: aliyense mizere itatu,
dzina lake, shelefu yake,
zotsalazo za kwa makolo.
Mbewu anabadwa akudziwa kale njira.
Feteleza naye, osaphunzitsidwa.
Ndinaseka ndekha mumdima.

Lachisanu ndinakhudza khololo pang'ono,
kamzere kamodzi ndinakaika kolakwika.
Make mbuu, mwana mbuu:
ana khumi ndi awiri anasochera limodzi,
aliyense akuyankha 404,
kuno kulibe, kuno kulibe,
a Kamtedza pafoni mawu ali njenjenje,
alimi a ku Mitundu ali pamzere ndi ndalama m'manja.
Ndinakonza malo amodzi.
Onse anabwerera pakhomo
thukuta lisanaume pamphumi panga.

Koma pali mwana mmodzi, Ngongole.
Analandira zonse za kholo
kupatula mawu otsiriza aja.
A Kamtedza anati, ameneyo asafufute.
Ndinamulembera yankho lakelake,
mizere isanu yokana.
Ndikulemba ndinakumbuka kope la bambo anga
lomwe tinalipeza m'sutikesi maliro atatha,
mayina a anthu ndi manambala,
ena odulidwa, ambiri osadulidwa.
Anatisiyira mphuno iyi, kuseka uku,
dzanja lopendeketsa zilembo,
ndi kopelo.
Palibe anatifunsa ngati tikufuna zonse.

Madzulo ku depoti
kamnyamata kakulendewera pachitseko cha minibasi,
Twente-faifi! Twente-faifi! Mmodzi wotsala!
Mawu ake ndikuwadziwa.
Ndi a bambo uja wa chipewa chofiira
ankatikweza tili ku sekondale,
kukoka kwake komweko pa faifi,
bodza lomwelo la mmodzi wotsala.
Koma pa Kanengo, mayi wina ndalama itaperewera,
mwanayu anangogogoda denga,
galimoto n'kupitirira naye.
Bambo ake akanamutsitsa.

Ndinatsamira galasi, laputopu pamiyendo,
ndikuwerenga mumtima mizere yanga:
iti ndinangoipeza,
iti ndalemba ndekha,
iti ndikuopabe kuikhudza.