Kugogoda Katatu

Anandikoka ndi Gelesomu, mlongo wanga wotsiriza,
Loweruka, tambala asanalire,
poti nkhonya za kutsidya kwa nyanja
sizidziwa kuti ku Kawale anthu amagona.
Magetsi anali atazima. Jenereta ya a Chimphonda
inkatsokomola kuseri kwa chishedi cha malata,
ndalama pakhomo, mabenchi onunkha mafuta a chipisi,
anyamata a kabaza zipewa zili kumutu
ngati kasitomala atulukira mu kanemamo.
Mkazi ndinali ndekha.

Ndinati: sabata yonse ndakhala ku Bwaila
ndikusoka milomo ndi zikope za oledzera,
lero ndilipirenso kuti ndione magazi?

Khola la mawaya. Amuna awiri opanda nsapato,
makutu otupa ngati zitumbuwa.
Theche, chibakera, bondo,
kenako wina walowa m'miyendo mwa mnzake,
phi! onse pansi,
kupiringizana ngati zochapa m'beseni.
Ndinafunsa mokweza: kodi akupuma?
Shedi yonse inafa nazo.

Achemwali, siyani nkhope, anatero Gelesomu,
yang'anani chigongono komwe chikupita.
Ndinayang'ana.
Wapansiyo akusuntha chiuno pang'onopang'ono,
akupereka mkono dala, ngati nyambo,
wapamwamba akuganiza, thukuta likudontha.
Ndi bawo iyi, ndinatero mumtima,
koma nkhomo zake ndi mafupa.

Sindinaone m'mene zinatembenukira.
Ndinangoona mkono wazinga khosi,
nkhope ikuda ngati thambo la mu Januwale,
ndipo dzanja, dzanja lotseguka,
likugogoda ntchafu ya mnzake.
Kamodzi. Kawiri. Katatu.

Ndipo uja anasiya.
Pomwepo. Osawonjezera ngakhale kamodzi.
Anamudzutsa, nagunditsa chipumi pachipumi,
akunong'onezana zomwe sitinamve.

Anthu ankakuwa, ena akulipirana ngongole za kubetcha.
Ine ndinali ku Mchesi,
m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri,
ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, Gelesomu ali kumsana.
Dzanja la amayi likumenya simenti,
osati katatu, ayi,
ndinawerenga mpaka manambala anandithera.
Panalibe woyimbira.
Aneba anakweza wailesi.
Bambo sankadziwa chilankhulo cha dzanja lotseguka.

Gelesomu sakumbukira. Anali pamwamba pa benchi,
akuvina, malaya ali m'manja.
Sindinamuuze. Ndinangoti utsi wa jenereta
wandilowa m'maso.

Pano ndine wongoyamba kumene.
Mayina a omenyanawo ndimawatchula mokhota,
ndawalemba kumapeto kwa kope la mankhwala.
Sindisiyanitsabe kupotokola mkono ndi kuthyola phewa.
Ndimaonera pafoni mu minibasi ya ku Depoti,
bandulo kundithera pakati pa raundi yachitatu,
kondakitala kundiuza mathero ake, mwina monama.
Sisitala Nyirongo akuti ndapenga,
akuti akandinenera kwa amayi a mvano.

Lolemba anabwera mnyamata wa ku Chilinde,
chikope chong'ambika, chigongono chotupa,
akuti amaphunzira m'galaja ya amalume ake
pa matiresi awiri akale.
Ndinamusoka kasanu ndi kawiri.
Ndikumanga ulusi ndinafunsa: unagogoda?
Anagwetsa nkhope. Ndinachedwa, anesi, ndimachita manyazi.
Nanga mnzakoyo, utagogoda, anasiya?
Eya, anasiya. Ndi amene wandiperekezayu,
ali panja, wagwira nsapato zanga.

Ndinasuzumira pawindo. Analidi pomwepo,
wamtali, wamantha, nsapato zili pachifuwa.

Loweruka likudzali kuli akazi awiri, akutero Gelesomu,
mmodzi ngwamanzere.
Ndamuuza andisungire malo kutsogolo,
kutali ndi utsi,
pomwe manja amaoneka bwino.