Pamene Sanajambule

Ku Valdivia mvula sipepesa.
Ximena wayala mapu patebulo,
ngodya ina wapsinja ndi kapu ya khofi,
ina ndi foni yothima.

Bwana Eladio akufuna nyumba makumi anayi,
iliyonse ndi mpanda wake,
ndi msewu wowongoka
wopyoza dambo pamimba.

Iye anayambira ku nsapato za mphira.
Masiku atatu m'matope,
kutsata pogona madzi mu Julaye,
poikira mazira atsekwe a khosi lakuda,
mitengo imene inaona agogo a bwanayo akukwawa.
Zonsezo anazinga ndi pensulo yobiriwira.
Kenako pakamtunda kotsalako
anathithikanitsa nyumba,
khomo kuyang'ana khomo,
msewu n'kulambalala mwaulemu.

"Nanga pakatipa, mwaiwala kujambula?"
Chala cha bwana chagwa poyera.

"Pamenepo eni ake alipo kale."

Bwana akuwerenga ndi milomo.
Makumi anayi ndithu.
Sanamwetulire,
koma mapu sanawapinde.

Potseka ofesi
Ximena wapeza thope louma kunsi kwa chikhadabo.
Walisiya.
Kutsidya achule atsegula msonkhano wawo,
osadziwa kuti masana
anali pa ajenda.