Kanema wa Mulipa

Pa Luchenza, kuseri kwa chigayo,
m'kanyumba kotchingidwa ndi matumba a feteleza,
Lachisanu lililonse timakhalamo anthu khumi ndi mmodzi,
khumi ndi awiri mlonda wa ku esiteti akazemba ntchito.
Ena onse amakhala ali ku mpira.
Kanema wake ndi yemweyo, chaka chachinayi tsopano.

Amayamba ngati nkhani ya chikondi.
Lekisoni akupalasa kabaza m'tinjira ta m'tiyi,
Edina ali pakaliyala, dengu kumsana,
akunena mawu amene tonse tinaloweza:
"Usathamange, mtima wanga ulibe mabuleki."
Timanenera naye limodzi, ngakhale a Nampinga opanda mano.

Kenaka kapitawo atulukira pa mtengo wa bulugama
ndipo chikondi chija chisanduka karate.
Musafunse chifukwa.
Mulipa anali ndi ngongole kwa anyamata a pa Chonde,
iwo anati tilipire potiika mu kanema.
Zibakera zikumvekazo ndi kabichi
amene ndinkamenya ndi thabwa kuseri kwa foni.

Ndewu ili mkati, Lekisoni anakwera basi ya ku Joni
osatsanzika ngakhale njinga yake.
Mulipa anakhala pachitsa masiku awiri, kachitatu anati:
"Basi, wamwalira. Bweretsani nsalu yoyera."
Sabata yomweyo chiperoni chinatsika m'phiri,
foni inkangoona nkhungu yokhayokha,
ndipo tinapeza kanema woopsa tisanamufune.
Mzukwa ukuyenda pakati pa mizere ya tiyi,
ukuliza belu la njinga, ngiri, ngiri,
mpaka lero ana amabisa nkhope m'malaya.

Kwaya ya amayi inatibwereka jenereta,
n'chifukwa chake mzukwa umaima chilili
kudikira nyimbo zitatu zathunthu zithe.
Mbuzi inalowa yokha, palibe anaiitana.
Mulipa anailembera wapolisi woifufuza,
wa chipewa cha pepala ndi kope la sitandade faifi,
ndipo mbuziyo ndiye imasewera bwino kuposa tonse.

Wogulitsa mamemori ku Limbe anamukana:
"Ndimuika m'foda iti? Zoseketsa? Zaufiti? Zauzimu?"
Mphunzitsi wina anatuluka pakati, nafuna ndalama yake,
akuti munthu adziwe ngati akuseka kapena akulira.
Mulipa anamubwezera, n'kumufunsa pakhomo:
"Aphunzitsi, Lolemba lapitali kwanu kunali ziti?"

Ife otsala timadziwana pamsika.
Wina akati "mbuzi yaona,"
mnzake amayankha "koma siinena,"
ogula tomato n'kumatiyang'ana ngati amisala.
Tikudziwa pamene chala cha Mulipa chimaphimba ngodya,
pamene tambala amalira pakati pa usiku wa dzuwa,
pamene Edina akulira maliro kwinaku akudziluma mlomo.
Mukatichotsera zimenezo tidzasiya kubwera.

Mwezi wathawu kunabwera mayi ake a Lekisoni.
Analipira pakhomo ngati wina aliyense,
nakhala pa benchi ya kutsogolo, chitenje mpaka m'khosi.
Zaka zinayi, foni ya mwana wawo imangoti sakupezeka.
Njinga itadutsa anati, "Bwezani."
Tinabweza.
"Bwezaninso."
Kasanu konse Lekisoni anatsika chitunda chomwecho,
malaya akuuluka, akuseka ndi dzino lake lobenthuka,
ndipo palibe ananena za mabuleki.

Tinafuna kuzimitsa nsalu yoyera isanafike.
Anakana. Anaonera mzukwa wonse, maso gwa,
belu likulira m'nkhungu muja.
Kenaka analoza pansi pa nsalu,
pamene patapata wobiriwira amaonekera,
natembenuka kundipeza mumdima:

"Mapazi awo ndi ako, Dailesi.
Mwana wanga sayenda choncho."

Anaseka mpaka kutsokomola, ife n'kuseka nawo,
kwaya inayamba nyimbo yake yoyamba,
ndipo anatsala mpaka mbuzi itamangidwa.