Waya Wachitatu

Galimoto ndinagula yakale, yotsika ku Japani,
ndipo inabwera ndi mayi wake m'kati.
Ukangopotoza kiyi amapereka moni,
mawu osalala ngati sopo watsopano,
koma mu Mabvuku monse palibe womuyankha.
Bambo amati, msiyeni, ndi mlendo ngati ife,
mwina akufunsa njira ya kwawo.

Wailesi yake ndi yamakani.
Singano imathera panjira masiteshoni asanayambe bwino,
mabatani ali ndi zilembo zonga mapazi a nkhuku pamatope,
ndipo kabowo kolowetsa chingwe palibe.

Ine ndili ndi kabokosi ka nyimbo ka malemu amayi,
kobiriwira, kong'aluka pakona,
kamene Ndaona anatumiza kuchokera ku Joni.
Muli makwaya a ku Ntcheu m'menemo.
Ndinkafuna bambo aziwamva Lachiwiri lililonse
popita ku Parirenyatwa kukatsukitsa magazi,
poti tomvera tam'khutu amakana,
akuti timawanyerenyetsa.

Ndinayamba ndi kanthu kolowetsa poyatsira fodya,
madola asanu, pa Gulf.
Pakhomo kanayimba bwino.
Titangolowa mumsewu wa Mutare
mlaliki wina anathyola kwaya pakati,
kenaka mitengo ya feteleza,
kenaka mphepo yokhayokha.

Ndinayesa kaseti ya mchira.
Wailesi inaimeza, kutafuna, kete kete kete,
n'kuilavulira pamwendo panga.

Kudzanai wa mu Kaguvi sachulutsa mawu.
Anagona chagada, miyendo pamsewu,
mutu pansi pa chiwongolero, timisomali tinayi kukamwa,
nazula wailesi yonse ngati dzino.
Kumbuyo kwake kunali kakhomo kafumbi
kamene a ku fakitale anasiya osauza munthu.
Mawaya atatu, anatero akusungunula mtovu,
woyera wa kumanzere, wofiira wa kumanja.
Nanga wakudawu?
Uwu ndi wa nthaka. Suyimba kanthu.
Koma ukausiya, zonse zimangolira ngati njuchi m'chigubu.

Madola khumi ndi asanu.
Ndinadandaula, anachotsapo awiri.

Lachiwiri, kuzizira kwa Juni,
bambo chipewa chaubweya, bulangeti pamaondo.
Pa maloboti a Msasa ndinalowetsa chingwe.
Chala chinaterera.
Ndinadina pena, pamene sindinatsegulepo chiyambire.

Kugundana kwa mbale. Tambala wa aneba.
Munthu akupumira pafupi kwambiri.
Ndiyeno:

Kodi kayaka? Iwe, kayaka aka?
Ndidine pati?
A Matekenya, tabwerani mudzaone, ine maso...

ndi kuseka kodukira pakati.

Masekondi khumi ndi anayi.
Zitseko zonse zinayi zinalankhula mawu a amayi,
ngakhale chakumbuyo chija chongonjenjemera.

Kombi inatiimbira hutala, kondakitala akutukwana m'Chishona.
Loboti inasintha kawiri.
Wogulitsa nyuzipepala anasuzumira pawindo, nabwerera.
Bambo, telala wa zaka makumi anayi,
anayandikiza chikhatho pa sipika ya chitseko chawo
monga ankayesera simbi asanasite jekete la mwini.

Bwezera, anatero.

Ndinabwezera.

Makwaya a ku Ntcheu sitinawamvebe mpaka lero.
Kudzanai ndikakumana naye amafunsa ngati ikulira bwino,
ndimangoti palibe njuchi.
M'mawa mayi wa ku Japani amapereka moni wake,
amayi n'kumudula pakamwa,
ndipo kuchoka ku Mabvuku kufika pachipata cha chipatala
amafunsa funso lawolo kopitirira zana.
Ine ndimayang'ana maenje a mumsewu.
Bambo amakhala duu, maso pagalasi,
koma masiku ena, tikamadutsa pa njanji,
ndimawamva chapansipansi, ngati okwiya pang'ono:

Kayaka, Nasibeko.
Kayaka kale.
Leka kudina.